Atenge njinga kapena adikire fodya?

Malata akamayenda pa ngolo kuchokera ku sitolo kulowera kumudzi, anthu amaima m'mbali mwa msewu n'kumanena kuti mnzathu uyu chaka chino fodya wamuyanja. Koma ulipo ulendo wina wa malata umene anthu amangouyang'ana chamumbali, osatsegula pakamwa. Awa amakhala malata akale, okhala ndi zibowo za misomali, akuchoka kumudzi kulunjika ku msika. Pamwamba pake pamakhala matiresi, wailesi, mwinanso mbuzi yomangidwa miyendo. Munthu wa ku Nsaru, kwa Kabudula kapena ku Nambuma safunsa kuti banjalo likusamukira kuti. Amadziwa kuti eni ndalama afika.

Pakutha pa sabata nkhani imakhala itafika pabwalo la a nyakwawa. Mbali ina ikuti munthuyu tamudikira mokwana, titenge chimene chilipo tione zina. Mbali inayo, imene nthawi zambiri amailankhulira ndi malume ake a wangongoleyo, ikuti mumpatse mpata, soya ali m'munda, fodya ali m'chigafa, adzabweza pang'onopang'ono. Mkangano umenewu si wa kumudzi kokha. Ndi womwewo umene majaji, maloya ndi aphungu a maiko ambiri akhala akulimbana nawo kwa zaka mazana, ndipo mayankho amene anapeza ndi awiri omwewo: kugulitsa katundu wa munthu n'kugawana ndalamazo, kapena kumusiyira katundu wake n'kumuikira ndondomeko yobwezera.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti njira zonse ziwirizi zili m'malamulo a dziko lino. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Insolvency Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Bankruptcy Act. Lamuloli limafotokoza zoyenera kuchitika kampani kapena munthu akafika poti ngongole zake zamuposa msinkhu. Kumbali ya munthu wamba, bwalo lalikulu la milandu likhoza kugamula kuti walephereratu kubweza ngongole, katundu wake n'kuikidwa m'manja mwa munthu wina wosankhidwa mwalamulo kuti amugulitse ndi kugawira onse amene akumufuna ndalama. Apo ayi, wangongoleyo akhoza kupita yekha kwa eni ndalamawo ndi maganizo a momwe angabwezere, ndipo ochuluka akavomera, mgwirizanowo umakhala ndi mphamvu ya lamulo.

Munthu akamva njira yoyambayo angaganize kuti ndi kulanda katundu komwe kuja kumene timakuona m'midzi, kungoti uku kwavala suti. Ayi. Pali zinthu zitatu zimene kugulitsa katundu kwa lamulo kumachita, zimene kulanda kwa kumudzi sikuchita, ndipo m'zinthu zitatu zimenezi ndi momwe muli nkhani yonse.

Choyamba ndi mzere. Kumudzi amatenga ndi amene wafika msanga, kapena amene wabwera ndi anyamata amphamvu. Wa katapila amalawirira mbandakucha n'kukankha njinga. A banki mkhonde akamafika masana amapeza mipando ndi ndowa. Mayi wamasiye amene anabwereketsa ndalama zake za mtedza chifukwa cha chisoni, amene sangathe kukalipa pakhomo la mnzake, amatsala manja ali m'khosi. Lamulo limaimitsa mpikisano umenewu. Chigamulo chikangoperekedwa, palibenso wololedwa kudzitengera yekha, kupatula amene anapatsidwa chikole mwadongosolo, yemwe amayamba ndiye kulipidwa kuchokera pa chikolecho. Otsalawo amagawana molingana ndi kukula kwa ngongole ya aliyense.

Chachiwiri, lamulo silimuvula munthu mpaka kumusiya chibadwire. Malamulo a mtundu umenewu, kuyambira ku England kumene athuwa anachokera, amamusiyira wangongole zovala, zofunda, ziwiya zofunika pakhomo ndi zida zimene amagwirira ntchito. Nzeru yake njapafupi: mmisiri ukamulanda sowo ndi hamala, wamusandutsa wopemphapempha, ndipo wopemphapempha sabweza ngongole ya munthu aliyense. Owerenga Baibulo akumbukira kuti ngakhale malamulo a Mose, pa Deuteronomo 24, analetsa kutenga mphero ngati chikole pa chifukwa chomwechi. Koma kumudzi kuno poto, khasu, mbewu yosungira chaka chamawa, zonse zimakwera ngolo.

Chachitatu ndicho chachikulu koposa. Pa njira ya lamulo ngongole imafa. Katundu akagulitsidwa, ndalama zikagawidwa, nthawi yoikika ikakwana, munthu amamasulidwa, ndipo zotsalazo samufunsanso. Ku England nthawi imeneyi inatsitsidwa kufika pa chaka chimodzi kuyambira mu 2004. Ku America, pa njira yotchedwa Chapter 7, ambiri amamasulidwa pakangopita miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi, ndipo ochuluka mwa iwo sagulitsidwa n'kanthu komwe chifukwa zonse zimene ali nazo zimakhala m'gulu la katundu wotetezedwa. Kuno kwathu munthu amalandidwa malata lero, mawa n'kuuzidwa kuti malata aja angokwanira chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni idakalipo. Walandidwa, koma sanamasuke. Uku si kugulitsa katundu kuti nkhani ithe, uku n'kumukama munthu ngati ng'ombe.

Tiyerekeze ndi manambala, poti nkhani ya ndalama ikamangokambidwa pakamwa imaterera. Titenge bambo wa ku Mpingu amene amalima maekala awiri komanso amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa msewu wa ku Mchinji. Si munthu weniweni, ndipo manambalawa ndangowasankha kuti masamu asavute. Ali ndi ngongole ya K600,000 ku bungwe lobwereketsa ndalama, ndipo chikole chake ndi njinga yamotoyo. Ku banki mkhonde, kudzera mwa mkazi wake, kuli K400,000. Kwa wa katapila kuli K300,000. Kwa wogulitsa feteleza kuli K200,000. Zonse pamodzi ndi K1,500,000.

Akatsata njira yogulitsa katundu, njinga yotopayo tinene kuti yapita pa K700,000. Bungwe lija latenga K600,000 yake, yatsala K100,000. Mbuzi, njinga yakapalasa, sola ndi wailesi zabweretsa K350,000. Ndiye kuti pali K450,000 yoti igawidwe kwa anthu atatu amene akufuna K900,000. Aliyense alandira theka la ndalama zake: a banki mkhonde K200,000, wa katapila K150,000, wa feteleza K100,000, ndipo apa sitinachotse zolipira amene ayendetse ntchito yogulitsayo. Bamboyo watsala ndi khasu, nyumba yopanda wailesi, ndi tulo tabwino. Alibenso kabaza, koma alibenso womugogodera pakhomo.

Akatsata njira yachiwiri, njinga ikhala. Tinene kuti akachotsa mafuta, ndiwo ndi sopo, pamwezi amatsala ndi K25,000, ndipo akakolola amatha kupatula K200,000 pachaka. Pachaka ndiye kuti akubweza K500,000, ndipo pa zaka zitatu aliyense walandira ndalama zake zonse. Papepala njira imeneyi ndiyokoma kwa onse. Koma yang'anitsitsani pamene yaponda. Yaponda pa chinthu chimodzi, chakuti chiwongoladzanja chaimitsidwa. Wa katapila akakana n'kupitiriza kuwerengera theka pamwezi, monga ambiri amachitira, K300,000 ija ikubereka K150,000 mwezi uliwonse, pamene bamboyo pamwezi akupeza K25,000. Angayendetse kabaza usana ndi usiku mpaka matayala kutha, ngongoleyo izingomuthawa. Ndondomeko yobwezera imene siimitsa chiwongoladzanja, ndiponso imene simanga eni ndalama onse pamodzi, ndi msampha chabe wokhala ndi dzina labwino.

N'chifukwa chake malamulo a maiko ena analimbitsa kwambiri mfundo imeneyi. Ku England, pa mgwirizano wa mtunduwu umene unayamba ndi lamulo la 1986, eni ndalama amavota, ndipo ngati amene avomera ndi eni ake a magawo 75 pa 100 a ngongole ya ovotawo, okanawo amamangidwa nawo limodzi. Mgwirizanowo nthawi zambiri umatenga zaka zisanu, ndipo zotsala pamapeto pake zimafafanizidwa. Ku America njira yofanana nayo ndi Chapter 13, ya zaka zitatu mpaka zisanu. Munthu amapereka ndalama kwa mkulu mmodzi woikidwa ndi bwalo, iyeyo n'kumagawira onse, ndipo nthawi yonseyo palibe wololedwa kumulanda nyumba kapena galimoto malinga akupereka. Njirayi inabadwira mu mzinda wa Birmingham ku Alabama m'zaka za m'ma 1930, pakati pa anthu a m'mafakitale amene ankalandira malipiro pa tsiku lodziwika, ndipo inalowa m'malamulo a dziko lonselo mu 1938.

Mawu akuti malipiro pa tsiku lodziwika tiwagwiritsitse, chifukwa apa ndi pamene nsapato ya eni ake imayamba kutithina. Mphunzitsi wa ku Namitete, namwino, wapolisi, mlangizi wa zaulimi, awa ndalama yawo imabwera mwezi ndi mwezi, ndipo ndondomeko yobweza pamwezi imawakwana, bola asakhale kuti malipiro onse anathera kale m'zodula za mabungwe atatu nthawi imodzi. Mlimi sali choncho. Ndalama yake imabwera kamodzi pachaka, pakati pa Epulo ndi Ogasiti, mabelo akapita ku Kanengo, soya ndi mtedza zikakwera sikelo ya mavenda. Kumuuza mlimi wotere kuti azibweza sabata iliyonse kuyambira mu Disembala ndiko kumutumiza kwa wa katapila, kuti akabwereke uku n'kukatseka uko. Ngongole zambiri zimene zimathera pa ngolo ya malata zinayamba choncho, ndi kangongole kakang'ono kotsekera ngongole ina.

A ku America omwewo anaziona zimenezi alimi awo atagwa m'mavuto m'zaka za m'ma 1980. Mu 1986 anapanga njira yapadera ya mabanja a alimi, Chapter 12, imene imalola kuti kubweza kutsatire nyengo yokolola. Ndipo ngakhale kumeneko, kumene malipiro ndi odalirika kuposa kuno, anthu ambiri amene amayamba ndondomeko ya Chapter 13 safika nayo kumapeto. Ntchito imatha, matenda amabwera, banja limasokonekera. Nanga kuli bwanji kwa munthu amene bwana wake ndi mvula? Amene analonjeza mu Novembala 2023 kuti adzabweza akakolola, sanadziwe kuti ng'amba ya El Niño ikubwera, kufikira kuti mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi.

Anthu a dera lino la Lilongwe si alendo pa nkhani ya ngongole, ndipo mbiri yake ndiyofunika kuikumbukira chifukwa ndi imene inaumba khalidwe limene tikuliona lero. Mu 1968 boma, mothandizidwa ndi World Bank, linayambitsa chitukuko chachikulu cha Lilongwe Land Development Programme m'chigwa chachonde cha kumadzulo ndi kumwera kwa Lilongwe. Chinabweretsa misewu, mijigo, misika, alangizi ndi ngongole za mbewu ndi feteleza. Mu 1973 chinayamba kubwereketsa alimi m'magulu, mmodzi akalephera onse n'kukhudzidwa. Apa n'kuti banki ya Grameen ya ku Bangladesh, imene dziko lonse limaitamanda chifukwa cha ngongole za m'magulu, isanabadwe. Makalabu a alimi aja anafalikira m'dziko lonse, ndipo mu 1988 ngongolezo zinaikidwa pansi pa bungwe la SACA.

Kwa zaka zambiri ndalama zobwezedwa zinkaposa magawo 90 pa 100, ndipo akatswiri akunja ankabwera kudzaphunzira. Koma achikulire a m'midzi muno akamafotokoza momwe ndalamazo zinkatoleredwera, satchula za kukhulupirika kokha. Amatchula zitseko zozulidwa, mbuzi zokokedwa, ndi mantha a nthawi ya chipani chimodzi. Kenaka kunabwera chilala cha 1992, kutsatana ndi ndale za riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, pamene alimi ambiri anamva kuti ngongole za boma si zobwezanso. SACA inagwa, ndipo mu 1994 ntchitoyo inapita ku Malawi Rural Finance Company. Kuchokera pamenepo tinaphunzira maphunziro awiri, onse oipa. Wobwereketsa anaphunzira kuti munthu wakumudzi amabweza pokhapokha ataopsezedwa. Wobwereka anaphunzira kuti ngongole ya boma imadikira chisankho. Thumba la ngongole za boma la MARDEF la 2005, limene linasanduka MEDF kenaka NEEF mu 2020, lakhala likulimbana ndi phunziro lachiwirilo. Chimene sitinaphunzire ndi njira yapakati, yakuti munthu woona mtima amene wagwa akhale pansi ndi onse amene akumufuna, nkhani yake ithe mwadongosolo.

Chitukuko cha Lilongwe chija chinasiya chinthu china chimene chimasokoneza njira yogulitsa katundu kuno kuposa kwina. Malamulo a malo a 1967 anayesedwa koyamba kumadzulo kwa Lilongwe, kumene minda inayezedwa n'kulembedwa m'maina a mabanja, pa dongosolo limene anthu amalitcha ndunda. Wolembedwa papepala anali mtsogoleri wa banja, woimira mbumba yonse, osati mwini wake payekha. Ndiye chuma chachikulu chimene mlimi amaoneka kuti ali nacho, munda, kawirikawiri si chake choti angagulitse. Mkamwini sangaike chikole munda wa kuchikazi, ndipo ngakhale amene anatengera mkazi kwawo amayenera kuyang'ana nkhope za alongo ake ndi ana awo. Zimenezi zateteza mabanja ambiri kuti asasanduke osowa pokhala. Koma anthu anapeza khomo lakumbuyo, kupinyolitsa munda. Wangongole amapereka munda kwa mwini ndalama kuti alime zaka ziwiri kapena zitatu, iye n'kumakagwira ganyu m'munda wake womwe. Ine ndimaiona njira imeneyi ngati yoipa kuposa ziwiri zija, chifukwa imatenga chowawa cha iliyonse. Munthu wataya chomwe chimamupatsa ndalama, monga pa kugulitsa katundu, komanso wamangidwa zaka zingapo, monga pa ndondomeko yobwezera.

Alimi a fodya a pa kontirakiti, dongosolo limene linakhazikika kuyambira mu 2012, ali kale pa mtundu wina wa ndondomeko yobwezera, ngakhale saitchula choncho. Kampani imapereka mbewu, feteleza ndi zina, ndipo ndalama zake zimadulidwa fodya akagulitsidwa mlimi asanaone n'tambala yomwe. Ubwino wake ndi wakuti kubwezako kumatsata nyengo. Vuto limabwera mlimi yemweyo akakhala ndi ngongole zina zitatu zimene zikudikira fodya yemweyo. Kampani imadya poyamba, otsalawo n'kumakanganirana nyenyeswa, ndipo apa ndi pamene ena amayamba kugulitsa mabelo mozemba kwa mavenda, n'kuwonjezera mlandu pamwamba pa ngongole.

Tisaiwale kuti wobwereketsa nayenso ndi munthu. Mu banki mkhonde ndalama imene yasowa si ya bwana wa ku tawuni. Ndi masheya a amayi anzake, amene akudikira kugawana mu Disembala kuti agule feteleza ndi kulipira fizi. Kuwauza amayi amenewa kuti adikire zaka zitatu opanda chiwongoladzanja si nkhani yaing'ono m'dziko limene kwacha inagwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. K400,000 ya lero ndi K400,000 ya zaka zitatu zikubwerazi sizigula matumba ofanana a feteleza. N'chifukwa chake gulu limathamangira malata. Koma nalonso liwerenge bwino. Katundu wolandidwa amagulitsidwa mothamanga, nthawi zambiri m'miyezi ya njala pamene aliyense akugulitsa ndipo wogula ndi mmodzi. Mbuzi ya mu Febuluwale si mbuzi ya mu Julayi. Gulu limalandira theka, limataya membala, ndipo mabanja awiri amasiya kuyenderana pa maliro.

Ndiye njira yabwino ndi iti? Ine ndinganene kuti funso loyamba si lakuti munthuyu ali ndi katundu wanji, koma lakuti kutsogoloku kukubwera ndalama yanji yodalirika. Ngati ali ndi malipiro, kapena ali ndi chida chimene chimabala ndalama tsiku ndi tsiku, monga njinga ya kabaza, makina osokera, chigayo kapena ng'ombe zapangolo, ndiye kuti kugulitsa chidacho n'kupha nkhuku yoikira mazira kuti mudye ndiwo za tsiku limodzi. Woteroyo apatsidwe ndondomeko, chiwongoladzanja chiime, masiku obwezera atsate nthawi imene ndalama imalowadi m'thumba mwake. Koma ngati bizinesi inafa kale, ngati ngongole ndi yaikulu moti ngakhale zaka zisanu za mvula yabwino sizingaimalize, kumuika munthu pa ndondomeko ndi kumunamiza. Kuli bwino agulitse yekha zimene angathe, pa mtengo wabwino, pa nthawi yabwino, agawire onse poyera, ndipo onsewo asaine kuti nkhani yatha. Kuwawa kwa mwezi umodzi kuli bwino kusiyana ndi manyazi a zaka khumi.

Njira ya lamulo ili ndi mtengo wake, ndipo tisabise. Munthu amene bwalo lagamula kuti walephera kubweza ngongole, asanamasulidwe, sangaime pa mpando wa phungu malinga ndi gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko, ndiponso sangapikisane pa utsogoleri wa dziko malinga ndi gawo 80. Dzina lake limadziwika, ndipo kuyambira pamene lamulo la 2010 linalola mabungwe osunga mbiri ya obwereka, mabanki amatha kuona kuti uyu anabwezapo bwanji m'mbuyomu. Koma kwa mlimi wa kwa Kalolo kapena kwa Malili chotchinga chenicheni si chimenecho. Chotchinga n'chakuti lamulo la 2016 limakhala ku tawuni. Nkhani zake zimakambidwa ku bwalo lalikulu, m'Chingerezi, ndi mapepala amene amafuna loya. Kuchokera ku Namitete kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa minibasi wosakwana maola awiri, koma munthu amene akulephera kubweza K300,000 angaipeze kuti ndalama yolembera loya? Kumasulidwa ku ngongole kwasanduka chinthu chofuna ndalama, ndiye wosaukitsitsa ndi amene sangakufikire.

Vuto limeneli si lathu tokha, ndipo abale athu a ku Joni amalidziwa. Ku South Africa lamulo la 1936 limafuna kuti munthu asanaloledwe njira yogulitsa katundu, aonetse kuti eni ndalama apindulapo kanthu, motero amene alibe kalikonse amakanidwa chifukwa ndi wosauka kwambiri. Pofuna kuchepetsa vutoli, lamulo la National Credit Act la 2005 linabweretsa alangizi a ngongole, amene amaunika ndalama za munthu, n'kukonza ndondomeko imodzi ya ngongole zake, bwalo la majisitireti n'kuitsimikiza. England mu 2009 inatsegula njira yotsika mtengo ya anthu opanda katundu ndi opeza zochepa, yosafuna kukaima pamaso pa jaji. Kenya nayo m'lamulo lake la 2015 inaikamo njira ya munthu amene alibe choti n'kugulitsa. Palibe chifukwa choti Malawi, dziko limene anthu ake ambiri ndi alimi ang'onoang'ono, asakhale ndi njira yotere pa bwalo la majisitireti, m'Chichewa, pa fomu imene munthu wa Sitandade 8 angathe kulemba yekha. Aphungu a m'madera muno ali ndi nkhani yoti akaitengere ku Nyumba ya Malamulo.

Podikira zimenezo, zilipo zida zina zimene zili kale m'manja mwa munthu wamba, kungoti sazidziwa. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko limanena kuti munthu sangaikidwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa zimene anagwirizana ndi mnzake. Ngongole wamba si mlandu wa kupolisi, pokhapokha ngati munthu anatenga ndalamazo mwachinyengo. Komabe angati amagulitsa mbuzi usiku chifukwa choopsezedwa kuti mawa agona m'chitokosi? Kulowa m'nyumba ya munthu n'kutenga katundu amene sanaperekedwe ngati chikole si ntchito ya gulu kapena ya anyamata olembedwa ganyu. Mwini ndalama amayenera kukasuma, bwalo ligamule, ndipo olanda katundu mwalamulo ndi masherifu, atanyamula chikalata cha bwalo. Pamenepo wangongole ali ndi ufulu wopempha bwalo kuti limulole kubweza pang'onopang'ono, atafotokoza moona zimene amapeza. Lilipo lamulo lina lakale, Loans Recovery Act, limene limapatsa bwalo mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso, n'kuchitsitsa. A katapila salikonda kulimva lamulo limeneli. Mabungwe obwereketsa ndalama ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, kumene munthu angakadandaule, ndipo amene alibe ndalama ya loya angapite ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi ku Lilongwe.

Izi ndazilemba chifukwa mapeto a ngongole m'midzi yathu nthawi zina sakhala pa ngolo. Ena amathawa usiku kulowera ku Joni kapena ku Zambia, kusiya mkazi akuyankha milandu ya ndalama zimene sanadye. Ena amadzichotsera moyo, ndipo apolisi akamafotokoza zifukwa za imfa zotere, ngongole sizisowa pa mndandanda. Munthu amafika pamenepo akaona kuti palibe khomo lotulukira. Makomo alipo awiri, ndipo onse amayamba ndi kuulula.

Mafumu athu, amene ndiwo amakamba nkhani zambiri zotere, akhoza kubwereka nzeru ya lamulo ngakhale lamulolo lisanafike pabwalo pawo. Munthu akabwera ndi mlandu wa ngongole, a mfumu asamve wodandaula mmodzi yekha. Afunse kuti ena amene akukufuna ndi ndani, onsewo aitanidwe tsiku limodzi. Ngongole iliyonse ilembedwe, ndalama yobwerekedwa payokha, chiwongoladzanja pachokha. Zida za ntchito, mbewu, chakudya cha ana ndi zofunda zisakhudzidwe. Akagwirizana zogulitsa, pepala linene kuti zikagulitsidwa ngongole yatha. Akagwirizana zodikira, pepala linene kuti chiwongoladzanja chaima tsiku lakuti, kubweza ndi mwezi wakuti, ndiponso chidzachitike n'chiyani mvula ikadzavuta. Aliyense atenge pepala lake, lina litsale kwa a mfumu.

Ndipo inu amene mukuwerenga nkhaniyi mutapanikizika, musadikire kuti akupezeni. Tengani kope la mwana, lembani onse amene akukufunani ndalama popanda kubisa ndi mmodzi yemwe, muwauze akunyumba kwanu, mukatenge malume kapena mkulu wa mpingo, mupite kwa eni ndalamawo inuyo muli ndi katundu wanu m'manja. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo. Pepala lija lisainidwe mabelo asanakwere lole.